Batire ya kwadi ikumangofa? Yezani kaye musanathamangire kukagula ina

Kwadi yathu, njinga yamoto ija ya matayala anayi imene timayendera kumunda cha ku Thondwe, inandidyera mabatire awiri m'chaka chimodzi ndisanadziwe kuti vuto silinali batire n'komwe. Lero yalira bwinobwino, mawa yaliranso, tsiku lachitatu kudina sitata kumangomva tye tye tye basi, ine n'kumati aaa mabatire a masiku ano ndi achinyengo, n'kukagula ina. Anandichotsa manyazi ndi mkulu wina wokonza njinga za kabaza, anangogwada n'kuzula pulagi imodzi ya mawaya atatu pansi pa mpando, n'kuti "achimwene, taonani apa," mkati monse mutapserera ngati chimanga chootcha. Ndiye musanatulutse ndalama tengani mita muyeze, ndondomeko yake ndi iyi.

Zida zake si zambiri. Mita yoyezera magetsi ija amati multimeter, yotchipa yomwe ya m'mashopu a zamagetsi m'tauni muno imakwana, bola batire yake yamkati ikhale yamoyo chifukwa ikafooka mita imanama. Sipanala ya 10, sikuludiraiva ya sitala, kachidutswa ka sandipepa, soda yemweyu wophikira therere, ndi vaselini. Mphete ndi wotchi yachitsulo vulani kaye, mphete ikagunda pozitivu ndi chitsulo cha njinga nthawi imodzi imafiira pachala pomwepo.

Kuti manambala amene muziona azimveka, dziwani kuti zinthu ndi zitatu. Batire ili ngati ndowa, imangosunga. Koyilo, imene mabuku amati stator, ili mkati mwa injini kuseri kwa chivindikiro cham'mbali, ndiye mpopi wake: maginito a pa flywheel, gudumu lolemera lozungulira ndi injini lija, akamazungulira imatulutsa magetsi a AC, osinthasintha mbali, ndipo injini ikamathamanga magetsiwo amachulukanso. Pakati pawo pali rekitifaya, kabokosi kachitsulo kamizeremizere ngati chipeso, kamene kamasandutsa AC kukhala DC, magetsi oyenda mbali imodzi, yoti batire ilandire komanso kamaletsa kuti asapitirire cha m'ma 14 ndi theka. Ndowa ikapezeka youma m'mawa, mwina ndi yobooka, mwina mpopi sukutulutsa, mwinanso pali wina akutungamo usiku. Ntchito yathu ndi kudziwa kuti mwa zitatuzi ndi chiti.

Choyamba: maso ndi manja

Chotsani mpando, batire ya makwadi ambiri imakhala pomwepo. Igwedezeni, ngati lamba woimanga anaduka kalekale ndipo imangovinavina m'miyala ya njira ya ku Chingwe's Hole, dziwani kuti mapuleti amkati akuphwanyika. Onani m'mbali ngati yatupa kapena yang'aluka, yotupa musavutike nayo, yatha imeneyo ndipo musaichajenso. Kenako gwirani matemino muyese kuwapotoza ndi zala. Akasuntha ngakhale pang'ono, mwina vuto lanu lonse ndi lomweli.

Ufa woyera kapena wobiriwira uja umamera pamatemino uchotseni. Masulani negetivu kaye, waya wakuda, pozitivu pambuyo, ndipo pobwezera muyambe pozitivu n'kumalizira negetivu. Chifukwa chake n'choti chitsulo chonse cha njinga ndi negetivu, ndiye mukayamba kumasula pozitivu sipanala n'kugunda fulemu, ndi shoti yothetheka moto. Sungunulani supuni ya soda m'kapu ya madzi, tsukani ndi mswachi wakale, muona thovu, pukutani, palani ndi sandipepa mpaka mtovu uwale, mangani zolimba, vaselini pamwamba. Pamwamba ndikutero, mutamanga kale. Madzi a sodawo asalowe m'batire ngati ndi ija ya tizivindikiro, amapha asidi.

Tsatiraninso waya wakuda wonenepa uja mpaka pamene wamangidwa pa injini kapena pa fulemu, ethi ija. Kuno ndi chinyontho cha m'phiri ndi matope a dzinja malo amenewo amachita dzimbiri osaoneka, mumangomasula bauti n'kupeza pansi pake pofiira. Fiyuzi yaikulu, nthawi zambiri ya 30A, imakhala pafupi ndi solenoidi ya sitata, switch imene imatumiza magetsi a batire ku sitata mukadina batani, izuleni muione. Ngati yapsa ikani ya nambala yomweyo, zomanga kawaya kapena pepala lonyezimira la m'paketi ya ndudu zija ndi zimene zimaotcha waya yense wa njinga.

Chachiwiri: batire ili phee

Kwadi igone osalizidwa, bola usiku wonse, chifukwa batire yongochoka pachaja kapena paulendo imaonetsa nambala yokwera yabodza. Mita ikhale pa DC, pa 20V, waya wofiira pa pozitivu wakuda pa negetivu, kiyi atazima.

12.6 mpaka 12.8 ndiye yodzaza. 12.4 yatsikako, ikufuna chaja. Cha m'ma 12.0 yatsala pang'ono kutheratu, ngakhale nyali zikuyaka. Anthu ambiri amasokonezeka apa, akaona 12 amati ndi batire ya 12 volts ndiye ili bwino, ayi, kusiyana kwa yodzaza ndi yophwa sikukwana ngakhale volt imodzi. Mukapeza cha m'ma 10.5 ndipo mukaichaja imabwereranso pomwepo, selo imodzi yafa. M'kati muli maselo 6, iliyonse imapereka pafupifupi 2.1, ndiye imodzi ikachita shoti masamu ake ndi amenewo.

Ngati nambala ndi yotsika ichajeni kaye idzaze musanapitirire, apo ayi mayeso onse otsatira akunamizani.

Chachitatu: batire ikunyamula katundu

Batire yokalamba imatha kuonetsa 12.7 bwinobwino koma ilibe mphamvu, ngati munthu wooneka wonenepa koma thumba la feteleza kulephera kudzutsa. Siyani mita pamatemino, giya pa nyutulo, wina akudinireni sitata inu maso pa mita. Nambala igwa, n'zachidziwikire, koma isatsike kupitirira 9.6 kapena 10. Ikagwera ku 7, ku 5, batire itachajidwa modzaza, apo ndiye mukhoza kuyamba kuwerenga ndalama za ina.

Koma nambala ikangokhala pa 12 ndi kanthu osagwa, sitata n'kusatembenuka, batire ilibe mlandu. Magetsi sakufika ku sitata. Onani solenoidi, batani, switch yofiira yozimitsira injini ija ana amakonda kuseweretsa, ndi switch ya nyutulo kapena ya buleki, poti makwadi ambiri salola kulira ngati simuli pa nyutulo kapena simunagwire buleki. Ine ndinatayapo theka la tsiku ndi switch yofiirayo kkkk.

Chachinayi: kodi ikuchaja?

Apa ndi pamene ine ndinkadumpha, ndipo ndi pamene panali nkhani yonse. Lizani injini panja, osati m'nyumba yotseka chifukwa utsi wake umapha, buleki ya pamanja itakokedwa. Mita ikadali pabatire. Injini ikulira yokha muona mwina 12.8, mwina 13 ndi kanthu. Kanikizani moto ndi chala mpaka cha m'ma 3000 kapena 4000 rpm (kuzungulira kwa injini pamphindi), ngati mulibe choonetsa ma rpm ingomverani kuti yalira pakatikati, muigwire pomwepo. Muyenera kuona pakati pa 13.5 ndi 14.5. Yatsani nyali zonse muonenso, itsike pang'ono koma isagwe pansi pa 13.

Ikakhala pa 12 ndi kanthu osakwera ngakhale muwonjezere moto bwanji, sikuchaja, njinga ikungodya za m'batire mpaka zithe, ndipo batire yatsopano ikupatsani masiku awiri atatu n'kufanso. Ikakwera kudutsa 15 n'kumapitabe, zimitsani msanga, rekitifaya yasiya kuletsa. Zizindikiro zake zina ndi mababu kumangopsa, batire kutentha, kutupa, kununkha ngati dzira lovunda, ndipo pa makwadi a jekiseni, opanda kabuleta aja, ngati Yamaha Grizzly 700 kapena Honda TRX420 magetsi otere akhoza kuotcha kompyuta ya injini, chinthu choti kuno simuchipeza pashelefu.

Isanagamulidwe koyilo kapena rekitifaya, yezaninso pawaya wofiira wotuluka ku rekitifaya penipenipo injini ikulira. Ngati pamenepo pali 14 koma pabatire pakufika 13 kapena kutsikirapo, magetsi akutayika panjira, ndi waya, fiyuzi kapena pulagi.

Chachisanu: koyilo

Zimitsani injini. Tsatirani mawaya otuluka m'mbali mwa injini mpaka pa pulagi yopita ku rekitifaya. Pa makwadi akuluakulu amakhala atatu ofanana mtundu, achikasu pa Honda, pa Yamaha kawirikawiri oyera. Zulani pulagiyo muyang'ane mkati ndi tochi. Iyi ndi pulagi inandidyera ndalama ija. Madzi akalowa tizitsulo timachita dzimbiri, pamene pali dzimbiri pamatentha, pulasitiki n'kusungunuka, mpaka waya mmodzi kusiya kugunda. Ikakhala yopserera musangoipala n'kubwezera, ipsanso, dulani muike ina kapena mulumikize ndi soda waya, waya wosungunula womatira uja, n'kukulunga bwino waya uliwonse paokha. Zongopota ndi zala n'kumata tepi sizikhala pamenepa, pamadutsa magetsi ambiri.

Pulagi ikakhala bwino, ikani mita pa ohms, nambala yotsikitsitsa. Gundanitsani kaye mawaya a mita muone amene amaonetsa okha, mwina 0.2 kapena 0.3, muzichotsera. Yezani mbali yopita ku injini, mawaya awiriawiri: woyamba ndi wachiwiri, wachiwiri ndi wachitatu, woyamba ndi wachitatu. Manambala ndi aang'ono, nthawi zambiri osakwana 1 ohm, ndipo chofunika kwambiri n'choti onse atatu afanane. Pamene mita yaonetsa OL kapena 1 yokha kumanzere, waya waduka mkati. Kenako waya uliwonse muuyeze ndi chitsulo cha injini. Apa ndiye mukufuna OL yemweyo, pasakhale kugundana kulikonse. Mita ikalira kapena kuonetsa nambala, vanishi wa koyilo wapsa ndipo magetsi akuthawira m'injini.

Mayeso amene ine ndimawakhulupirira kuposa onsewa ndi a injini ikulira, chifukwa koyilo ina imaoneka yabwino ikazizira n'kumachita shoti ikatentha. Pulagi ikadali yozula, mita pa AC, pa 200V, lizani, yezaninso awiriawiri. Injini ikulira yokha muona cha m'ma 20, mukawonjezera moto ikwere kudutsa 50, ina mpaka 70. Nambala yeniyeni imasiyana ndi mtundu wa njinga, koma mapeya atatu onse akwere mofanana. Awiri akapereka 55 wina 20, koyilo yapita. Zala kutali ndi tizitsulo, magetsi amenewa amagwira ndithu.

Timakwadi ting'onoting'ono ta ku China ta 110cc kapena 150cc koyilo yake imafanana ndi ya njinga za kabaza, waya wochajira amakhala mmodzi kapena awiri, ndipo tambiri mbali imodzi ya koyilo inamangidwa ku ethi dala, ndiye kulira kwa mita pamenepo si vuto. Tambiri mwa timeneti moto wa sipaki pulagi umachokera ku koyilo yakeyake, n'chifukwa chake mwini amatha miyezi akuliza ndi kiki kapena chingwe osadziwa kuti kuchaja kunasiya kalekale. Ubwino wake sipeya ndi yosasowa, amakaniko a njinga ku Mpondabwino kapena ku Chinamwali amazidziwa kumutu.

Chachisanu ndi chimodzi: rekitifaya

Koyilo ikapambana mayeso onse, mawaya ali bwino, koma batire sikulandira, watsala ndi ameneyu. Kutsimikiza kwake, zulani mapulagi ake onse, mita pa chizindikiro cha diode, kamuvi kogunda khoma kaja. Waya wakuda wa mita pa waya wofiira wa rekitifaya, wofiira wa mita muzigunditsa pa atatu aja mmodzimmodzi, muona pakati pa 0.4 ndi 0.7, onse ofanana. Tembenuzani mawaya a mita, pakhale OL. Chitaninso chimodzimodzi ndi waya wa ethi, wobiriwira pa Honda wakuda pa Yamaha, kungoti apa zitembenuka: wofiira wa mita pa ethi ndi pamene nambala ituluke. Pamene paonetsa 0 mbali zonse kapena OL mbali zonse, diode, kachipangizo kamkati kolola magetsi kudutsa mbali imodzi yokha, yafa. Marekitifaya ena atsopano amtundu wa MOSFET amaonetsa manambala osiyana ndi awa, ndiye kwa amenewo yang'anirani kufanana kwa atatuwo basi. Komanso mayesowa amangoona mbali yosandutsa AC, mbali yoletsa ija imadziwika ndi 15 uja munaona injini ikulira.

Rekitifaya sakonza, amasintha. Ndipo chimaipha ndi kutentha. Magetsi otsala imawasandutsa kutentha n'kutayira m'mizere yake ija, ndiye matope a ku Jali kapena a njira ya ku Kachulu akaumira pamenepo ili ngati yafunda bulangete mu October. Muziichotsa matope, mabauti ake akhale olimba. Ndipo chizolowezi chozula batire injini ikulira kuti "tione ngati ikuchaja" chisiyeni, chimaotcha rekitifaya ndi CDI yomwe, kabokosi kopereka moto ku sipaki pulagi kaja.

Chachisanu ndi chiwiri: wotunga usiku

Batire yabwino, ikuchaja 14, koma ikangoima masiku anayi yaphwa. Pali chimene chikudya kiyi atazima. Masulani negetivu, mita pa DC amps, waya wofiira wa mita muusunthire pabowo la 10A, mulumikize mita pakati pa temino ya batire ndi waya mwamasulawo. Sitata musadine zili chonchi, mupsereza mita. Ikaonetsa 0.00 sunthirani pa mA. Kwadi ya kabuleta yopanda wotchi iyenera kuonetsa pafupifupi ziro, ya dashibodi ya manambala ma mA ochepa chabe. Mukaona 30, 50, 100, zulani mafiyuzi imodziimodzi mpaka nambala igwe, njira imeneyo ndiye muli mbava. Ikakana kugwa zulani rekitifaya, diode yoboola imabweza magetsi kumbuyo. Koma kawirikawiri mbava ndi zimene tinawonjezera tokha, kachaja ka foni ka USB, nyali za LED, kawailesi, zolumikiza batire mwachindunji osadutsa pa kiyi. Makoswenso musawaiwale ngati kwadi imagona m'chipinda cha chimanga, amamanga chisa pansi pa mpando n'kumatafuna mawaya.

Kuchaja ndi kusamala

Batire ya kwadi ndi yaing'ono. YTX14-BS ili ndi 12Ah, YTX20L-BS ili ndi 18Ah, pomwe ya galimoto yaing'ono imayambira cha m'ma 35 kapena 45. Lamulo lake pochaja ndi gawo limodzi mwa magawo 10 a ma Ah akewo, ndiye ya 12Ah ichajidwe ndi 1.2A, maola 5 mpaka 10. Mukapita nayo kochajitsa pamsika auzeni kuti ndi ya njinga aiike pamoto wochepa, chifukwa chaja chachikulu cha mabatire a minibasi chija chimaiphika, ola limodzi yatentha yatupa. Ikamachajidwa imatulutsa mpweya woyaka, ndiye kutali ndi mbaula, kandulo ndi ndudu, makamaka magetsi akangobwera usiku kandulo ikadali pathebulo.

Ya tizivindikiro muziona mulingo mwezi uliwonse, ukhale pakati pa mizere iwiri ija, muziwonjezera madzi a batire a m'botolo ogula pa filling station. Osati a pampopi, osati a pamjigo, ndipo osati asidi, chimauma ndi madzi asidi amatsala momwemo. Yomata ya AGM musaitsegule ngakhale wina akuuzeni kuti aidzutsa.

Chimapha mabatire ambiri kuno si kuyenda, ndi kukhala. Kwadi ya kumunda imagwira ntchito miyezi yolima ndi yokolola kenako n'kuima, batire n'kumaphwa yokha pang'onopang'ono, kukatentha ndiye mofulumira, ndipo ikakhala yophwa milungu ingapo mapuleti amagwira chikungu cholimba cha sulphate chosachokanso. Ndiye ikaima, masulani negetivu, muziyeza pakatha milungu iwiri itatu, ikafika 12.4 chajani. Kuiliza mphindi zisanu pabwalo n'kuzimitsa sikuthandiza, sitata imadya zambiri kuposa zimene yabweza. Ngakhale kuyenda kumene, ngati mukukwawa pang'onopang'ono m'nkhungu ya ku Ku Chawe nyali zikuyaka, fani ikuzungulira, mwinanso winchi mwakokera chipika, kenako kutsika phiri lonse osakanikiza moto, mufika pansi batire ili yochepa kuposa mmene munanyamukira. Ipatseni mphindi 30 za kuthamanga bwino kapena chaja.

Amene muli ndi sola, kapanelo ka 5W kapena 10W kamasunga batire bwino kwambiri koma kadutse pa controller, kabokosi koletsa kuti batire isachajidwe mopitirira. Panelo yolembedwa 12V padzuwa la masana imatulutsa cha m'ma 20 ikakhala yosalumikiza, ndipo mukaisiya mwachindunji masiku ambiri imaumitsa batire.

Batire ikakuferani kutali, mukhoza kujampa ndi galimoto, pozitivu ku pozitivu, negetivu pa chitsulo cha injini ya kwadi, koma injini ya galimotoyo ikhale yozima. Batire yake payokha ndi yokwanira kale.

Zikapezeka kuti batire ndiyedi yatha, pitani nayo yakaleyo kushopu muyerekeze, nambala, kukula, ndi mbali imene kuli pozitivu, L ija mu YTX20L ikutanthauza kuti matemino anatembenuzidwa ndipo mukalakwitsa mawaya safika. Ngati yabwera youma ndi paketi yake ya asidi, thirani yonse, dikirani mphindi 30 mpaka ola thovu lithe, tsekani, muichaje idzaze musanaiike panjinga, osangoti thirani n'kudina sitata pashopu pomwepo. Yakaleyo musapatse ana kuti aziyatsira mababu, muli mtovu ndi asidi, ogula zitsulo zakale amaitenga. Lembani tsiku logula pamwamba pa yatsopanoyo ndi maka, ndipo mukangoimanga bwerezani mayeso achinayi aja pomwepo, injini pa 3000, muone 14 ndi maso anu musanabwezere mpando.